Loko Wotsala Pachitseko cha Madzi

Lachitatu, 23 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani ndi kuzizira kwanuko. Ife kuno tilipo, dzuwa lokha ndi limene latikwana. Mudabwa kulandira envelopu m'malo mwa foni. Ndasankha pepala dala, chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize, ndipo ine ndikangomva "Iwe Mzime!" ndimabwerera kukhala kamwana kamamina kaja. Pepala silikalipa, ndiye mundilole ndinene zonse mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi cholemera, chifukwa ndikachisungira kumapeto ndichita mantha n'kuchisiya. Mlamu wanu ndi woyembekezera. Mimba ili ndi miyezi isanu, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikukuyankhani kuti "zonse zili bwino, palibe chachilendo." Sindinaiwale zimene munandiuza tsiku limene tinaika mayi m'manda. Munandikokera kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Mzime, ife tinabadwa asanu ndi anayi, ndipo amene akudziwa kulemera kwake ndine. Iwe atatu basi. Ukadzapitirira pamenepo usadzandiuze, sindidzafuna kumva." Ndinalonjeza. Atatuwo anakwana zaka zinayi zapitazo, ndipo lero ndikukuuzani chimene munati simudzafuna kumva. Ndikudziwa kuti kalata iyi ikhoza kukhala yotsiriza imene mungawerenge yochokera kwa ine.

Sindinamizira munthu. Njira yolera imene mlamu wanu ankagwiritsa ntchito inkamudwalitsa, anaisiya, n'kundiuza kuti tsopano ndi nthawi yanga yopita kuchipatala kukatseketsa. Ine ndinati mawa, mawa linafika ndinati mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezu wake ndi mlongo wanu yemweyu.

Musaing'ambe kaye. Sabata ino ndili pakhomo, andiimitsa ntchito masiku asanu, ndipo chimene chachititsa ndicho chandipatsa mtima wolemba.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pasiteshoni yopanga magetsi ndi madzi, koma ndikukayika ngati ndinakufotokozeranipo bwino. Mtsinje anautchinga ndi khoma, ndipo madzi amatsika m'chipaipi chachikulu chodutsa m'mimba mwa phiri mpaka kunyumba ya makina. Pansi penipeni chipaipicho chimapindika mozungulira gudumu lachitsulo, ndipo malo opindikawo timawatcha Nkhono chifukwa cha maonekedwe ake. Madzi akamenya gudumu, gudumu limazunguza makina ali pamwamba pake, ndipo kumzinda uko mayi wina amayatsa getsi osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Mzime. Ine ntchito yanga ndi ya sipanala ndi girisi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuyenda pamwamba pa Nkhono, kuimva ikunjenjemera kumapazi, koma ndinali ndisanalowemo.

Mwezi uno anaimitsa makina amodzi mwa awiri athu kuti tikonze gudumu, chifukwa mchenga unalidya. Kuimitsa makina amodzi ndiye kuti theka la mzinda lizikhala lopanda magetsi mosinthanasinthana. Anatipatsa masiku khumi, osapitirira ndi ola lomwe.

Tisanalowe pali lamulo limodzi limene saseweretsa. Kumtunda kuli chitseko chachikulu chotsekereza madzi, ndipo chogwirira chotsegulira chitsekocho chili m'kachipinda kake. Pachogwiriracho amaikapo chitsulo cha mabowo ambiri. Aliyense wolowa m'Nkhono amakoleka loko wakewake, wolembedwa nambala yake, kiyi n'kuika m'thumba. Loko mmodzi akatsala, chogwirira sichisuntha ndipo madzi satseguka. Wochotsa loko ndi mwini wake yekha, ngakhale bwana wamkulu atabwera ndi tayi wake sangakuchotsere. Wanga ndi nambala 17.

Tinalowera pakabowo kongokwana mapewa, mmodzimmodzi, matochi ali kumutu. Achemwali, nditaimirira m'katimo ndinangoti kukamwa yasa. Basi ikhoza kudutsamo, munthu ataimirira padenga pake osagunda mutu. Kunja dzuwa likuswa mtengo, koma mmenemo munali kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo ukatsokomola chifuwa chako chimapita kutali n'kubwerera. Ndinaloza tochi kumtunda, kuwala kunathera m'njira kusanafike kumapeto. Kumeneko, kuseri kwa chitseko chimodzi chokha, mtsinje wonse unali chiimire, ukudikira. Timadzi tochepa tinkatsika pakati pa mapazi athu, kungotikumbutsa kuti mwini nyumba sali kutali. Ndinagwira kiyi wanga m'thumba, kachitsulo kosakwana chala, ndipo ndinazindikira kuti ndi kameneko kakugwira mtsinje. Madala, wowotcherera zitsulo wathu, munthu wanthabwala zosatha, anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndipo palibe amene anaseka.

Gudumu lenilenilo ndinkaliona pa zithunzi zokha. Zipsepse zake n'zokhuthala kuposa ntchafu yanga, chitsulo chokhachokha, koma m'mphepete mwake zinali zitapyapyala ngati sopo wotsalira. Chinadya chitsulo chimenecho si nyundo kapena moto, ndi timchenga tosaoneka n'komwe, tsiku ndi tsiku. Pansi pa gudumu panali matope ofiira ofika m'mawondo. Ainjiniya athu anatapa matopewo ndi dzanja, n'kutionetsa, nati, "Anthuni, iyi ndi minda ya anthu." Ine ndinanunkhiza. Linali fungo la munda wa bambo mvula yoyamba ikagwa. Mukukumbukira kuti mwana akabadwa, bambo ankakweza munda mizere ina kuphiri? Mitengo yotsiriza ija pamwamba inagwa chifukwa cha ine, ndili khanda.

Ainjiniyawa kumbali timawatcha a Tachuluka, chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya mpira, amaimaliza ndi mawu amenewo. Ndi bambo wamfupi, wamagalasi, wa zaka zopitirira makumi asanu, wachifuwa cha mphumu, ndipo ali ndi ana awiri okha. Mukanagwirizana nawo kwambiri.

Tsiku lomwelo masana tikudya, mkangano unabuka. Pakhoma la chipinda chodyera akuluakulu anamatapo chipepala cholembedwa kuti "Chitukuko chokhazikika," ndipo Madala anachiloza ndi supuni.

"Bwana, chimenechi tanthauzo lake n'chiyani? Chaka chilichonse amamata chatsopano, koma palibe amatiuza."

"N'chosavuta," anatero a Tachuluka. "Uzitenga mumtsinje zokhazo zimene mtsinje ungathe kubwezera. Pamene ankamanga siteshoni ino, makina awiriwa ankakwanira mzinda wonse, magetsi n'kutsalako. Lero anthu awonjezeka kangapo, mtsinje ndi womwewo, wacheperanso. Aliyense akufuna munda, akufuna makala, akufuna getsi. Tachuluka, anthuni."

"Mukunena ine pamenepo, musazungulire," anatero Madala. "Ana anga ndi khumi ndi mmodzi, sindibisa. Koma bwerani kwathu mudzaone, mababu awiri ndi kawailesi, basi. Kwanu ana awiri, mafiriji awiri, chotenthetsera madzi osamba, galimoto, ndiye makina ochapira zovala ngati manja anaduka. Tsono akumwa mtsinjewu ndani, ine kapena inu?"

Tonse tinaseka, ndipo a Tachuluka anasekanso. "Pamenepo mwandigwira, sindikana. Koma khumi ndi mmodzi anuwo amaphikira chiyani?"

"Makala."

"Mitengo yake imachokera kuti? Matope mwapondamo m'mawa aja ndi makala anuwo."

"Tipatseni magetsi osazima, makala tisiya mawa lomwe."

"Kuti ndikupatseni, ndifunika mtsinje wina, ndipo ndilibe. Komanso mwana wanu aliyense akadzapeza bwino adzafuna firiji yake. Ndani adzamukaniza? Ine sindingamukanize, poti yanga ndili nayo."

"Ndiye walira mvula walira matope, bwana. Munatiphunzitsa nokha kukonda getsi."

Zikanapitirira mpaka belu, koma mayi woyendetsa kireni yonyamulira zitsulo zolemera, amene timangowatchula kuti a Kireni, anatseka bokosi lawo la chakudya mwamphamvu.

"Amuna inu mumandiseketsa. Mukukangana za kubereka ngati munamvapo ululu wake. Ine chokhazikika chimene ndimachidziwa n'chakuti mwana wamkazi amalize sukulu, osati azisenza ana a mayi ake mpaka msana kupindika. Muyambire pamenepo, muone ngati chiwerengero chanucho sichitsika chokha."

Achemwali, ndinasiya kudya. M'maganizo ndinaona inu muli ndi zaka khumi ndi zinayi, yunifolomu yanu itapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe inakhala mpaka njenjete zinaidya, ine ndili kumsana kwanu. Madala anandigunda ndi chigongono. "Nanga iwe wasipanala, wangoti zii bwanji? Uli ndi angati?" Ndinati atatu, n'kuyang'ana m'mbale.

Tsiku lakhumi linali Lachisanu lapitali. Makina anayenera kuyamba kuzungulira thuu koloko masana, ndipo pawailesi anali atalengeza kale kuti magetsi abwerera. Cha m'ma leveni ndinatuluka m'Nkhono kukatenga sipanala ina, ndipo ndinapeza foni yanga ikulira m'chipinda chosinthira zovala. Anali mayi oyandikana nafe nyumba, akuti mlamu wanu wagwa pamsika, amutengera kuchipatala. Chakudza sichiimba ng'oma. Foniyo ndinaisiya pabenchi pomwepo, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinatulukira kukageti kakuseri, chifukwa ndi kachidule kopita kumsewu, ndipo mlonda amakhala kugeti lalikulu. Lole yonyamula mchenga inandikweza. Ndinapita ndi ovololo, jombo, matope ndi zonse, osauza munthu aliyense. Anthu ena akaiwala kiyi m'thumba amatsekera banja lawo panja. Ine ndinatsekera mzinda.

Kuchipatala ndinadikira pabenchi nthawi yaitali mpaka namwino anandiitana. Mlamu wanu anali atatsitsimuka. Anati ndi kuchepa kwa magazi ndi kutentha, palibe choopsa, koma afuna amvetsere mwana. Anaika kachipangizo kamabatire pamimba, ndipo m'chipinda monse munamveka kugunda, gugugu, gugugu, kofulumira. Namwino anasuntha dzanja, nakwinya nkhope, nasunthanso.

"Bambo, tamvetserani bwino."

Ndinamvetsera. Kumbali ina kunali kugunda kwinanso, koyenda paliwiro lakelake.

"Ndi awiri," anatero namwino. "Mapasa."

Ine ntchito yanga ndi kumvetsera makina. Ndikangolowa pakhomo la nyumba ya makina ndimadziwa ngati china chake chikukhulana. Koma sindinamvepo chinthu choyenda bwino ngati timitima tiwiri timeneto. Palibe anatithira girisi, palibe anatimanga ndi sipanala, palibe anatiyatsa, koma tinali tikugunda mumdima mwathumo osapuma, mwina kuyambira tsiku limene ine ndinkakunamizani koyamba. Ndinakhala pansi penipeni ndi matope angawo. Ndinachita mantha, Achemwali, ndipo ndinasangalala, zonse nthawi imodzi, sindikubisirani. Mlamu wanu anaseka, kenaka analira, kenaka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga alamu mukawauza chiyani?"

Ndisanayankhe namwino anati, "Tikanakujambulani kuti muwaone ndi maso, koma makina ojambulira akufuna magetsi. Anati abwera thuu koloko, pano folo yakwana. Anthu amagetsiwa sindikudziwa kuti amaganiza ndi chiyani."

Dzanja langa linapita lokha m'thumba. Kiyi anali mmenemo.

Wa njinga yamoto amene anandinyamula pobwerera adzandikumbukira mpaka kalekale, chifukwa njira yonse ndinkamumenya pamsana kuti athamange. Zimene zinachitika ine kulibe anandifotokozera pambuyo pake ndi a Kireni. Wani koloko anthu onse anatuluka m'Nkhono, aliyense nachotsa loko wake, n'kutsala mmodzi, nambala 17. Foni yanga ili pabenchi, chakudya changa chili pomwepo chosatsegula, mlonda akulumbira kuti sindinatuluke. Akuluakulu akumzinda anayamba kuimba foni mphindi khumi zilizonse. Madala anabwera ndi chodulira zitsulo, nati mnyamatayu wangozemba, tiyeni tidule. A Tachuluka anaima kutsogolo kwa chogwirira chija n'kunena kuti, "Loko ameneyu ndi munthu. Bwezani chodulira chanucho." Bwana wamkulu ataimba yekha, akukalipa kuti mzinda wonse ukudikira, a Tachuluka anayankha anthu onse akumva kuti, "Bwana, amene akudikira kumzindawo ndikudziwa kuti ali moyo. Uyu sindikudziwa."

Atatero anakolekanso loko wawo, namanga chingwe m'chiuno, nalowa. Anyamata anafufuza m'matope a pansi pa gudumu ndi nsungwi, koma kumtunda kwa chipaipi, kotsetsereka ndi koterera kuja, anakwera a Tachuluka iwo eni, ndi mphumu yawoyo, akuitana dzina langa. Anapita mpaka kuchitseko n'kubwerera. Atapuma pang'ono anati mwina sanayang'ane bwino m'mbali, nakweranso kachiwiri.

Ndinafika faifi koloko, iwo akutuluka kumene pakabowo kaja. Matope anali mpaka m'khosi, magalasi anatayika m'katimo, mawu anali atatha. Anthu makumi atatu anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ine ndinangotambasula dzanja, kiyi ali pachikhatho, ngati mwana wogwidwa ndi shuga. A Tachuluka anayandikira pafupi kwambiri, chifukwa popanda magalasi saona bwino, nandigwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Uli moyo, chitsiru iwe," anatero ndi mawu osasa. Anakhala pansi, napumira m'mwamba kanthawi, kenaka anati, "Kachotse loko wako."

Ndinapita ndekha kukachipinda kaja, anthu onse ali pambuyo panga, n'kuchotsa. Tinatseka kabowo, tinamanga maboti ake onse, ndipo dzuwa lisanalowe anatsegula chitseko cha madzi. Achemwali, ndikanakonda mukanakhalapo. Poyamba kunamveka kamphepo kakulira m'mapaipi. Kenaka mkokomo wochokera kutali m'kati mwa phiri, ukukula, ukuyandikira, mpaka pansi ponse panagwedezeka ndipo masipanala anayamba kuvina patebulo. Mtsinje unadutsa mmene tinkayenda ife masiku khumi, mmene a Tachuluka ankakwawa ola limodzi lapitalo. Gudumu linatembenuka mwaulesi, kenaka linathamanga, singano za m'mawotchi a pakhoma zinakwera, ndipo wina anakuwa kuti mzinda walandira. Zimenezi ndaziona kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinalira, ndipo ndinanamizira fumbi.

Musaganize kuti ndikudzitama ndi nkhaniyi. Maola anayi amenewo anali a anthu. Wina nsomba zake zinaonongeka mufiriji, wina ntchito yake yowotcherera inaima, ndipo chipatala chomwe chija chinabweza amayi osajambulidwa, mlamu wanu ali mmodzi mwa iwo. Madzi akatayika saoleka. Manyazi ake ndidzayenda nawo.

M'mawa mwake anandiitana kuofesi. A Tachuluka anali atavala magalasi akale omanga ndi waya, ndipo anandifunsa chimene chinandithamangitsa. Ndinawauza zonse.

"Mapasa," anatero. "Ndiye akhala asanu."

"Inde, bwana."

Anapukusa mutu nthawi yaitali. Ine, poti pakamwa panga palibe mlonda, ndinati, "Bwana, inu mumati tachuluka. Dzulo akanachepako mmodzi."

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Anamenya tebulo. "Usadzanenenso zimenezo pamaso panga! Ine ndimakangana ndi anthu kuti aziganiza mwana asanakhalepo. Amene wakhalapo wakhalapo, ameneyo timamufunira madzi ndi getsi. Awiri akowo mitima yayamba kugunda?"

"Ndaimva ndekha, bwana."

"Ndiye alowa kale m'chiwerengero changa. Wandionjezera ntchito, iwe." Anasaina kalata yondiimitsa masiku asanu, nandipatsa, ndipo ndili pakhomo anandiitananso. "Masiku asanuwo usangokhala. Upite kuchipatala ukatseketse. Amenewa si mawu a ofesi, ndi a mkulu wako."

Ndinapita Lolemba. Kalata ino ndikulemba nditakhalira pilo, ndipo mlamu wanu akungondiseka kuti ndikuyenda ngati bakha. Zinatenga mphindi makumi awiri zokha, Achemwali, chinthu chimene ndinachithawa zaka zinayi. Madala akadzamva adzandinena mpaka chaka chamawa, koma anene, pakamwa ndi pake.

Tsopano ndinene chimene sindinanenepo. Inu simunalakwe. Matope aja ndawaponda ndi mapazi anga, ndipo mzere umene madzi ankafika pakhoma la damu chaka chimene ndinayamba ntchito, lero uli pamwamba poti sindingaufikire ndi dzanja. Madala ali ndi mfundo yake, a Tachuluka ali ndi yawo, ndipo ine wasipanala sindingawaweruze. Koma kuyambira ndili mwana, mukanena kuti mayi akanalekera pa atatu, ine ndinkapita kuseri n'kuwerenga zala. Wachinayi, wachisanu, mpaka chala chachisanu ndi chinayi, chimene ndi ine. Ndinkaganiza kuti mukandiyang'ana mumaona sukulu yanu imene ndinadya. N'chifukwa chake ndimakuopani, ndipo n'chifukwa chake ndinabisa.

Lachisanu lija ndinaona munthu amene amanena tsiku lililonse kuti tachuluka, akukwawa m'matope kawiri konse kufuna munthu mmodzi, wopusanso. Ndili pa pilo panga pano ndakhala ndikuganiza kuti munthu wotereyu ndinamuonapo kale. Amene ankati tachuluka kwathu kuja ndi yemwe ankadya pomaliza. Ndi yemwe anayenda nane kumsana ulendo wa tsiku lonse kupita kuchipatala chikuku chitandigwira, ndipo pobwera anandigulira nthochi iye osalawako. Munachita zimenezo zaka khumi ndi zisanu, ndipo palibe anakufunsani ngati mukufuna. Ine amene, ndi ndevu zangazi, sindinanenepo kuti zikomo. Zikomo, Achemwali. Pepaninso.

Ndalumbira pamaso pa mlamu wanu kuti mwana wathu wamkulu, amene ali ndi zaka khumi ndi chimodzi tsopano, sadzajomba kusukulu ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha mapasawa. Matewera ndidzachapa ine, manja ozolowera girisi sangaope zimenezo. Mukadzamva kuti mtsikanayo wasenza mwana nthawi ya sukulu, pamenepo ndiye mudzandikane, ndipo ndidzavomera.

Pempho langa ndi limodzi. Namwino akuti tiwayembekezere mu Febuluwale, mwina kumayambiriro poti ndi awiri. Bwerani. Sindikukuitanirani ntchito, munalera kale zokwanira moyo wa anthu atatu. Chipinda chakutsogolo ndachipaka laimu, ndipo ndikukhoma mpando wokhala ndi potsamira chifukwa cha bondo lanulo. Ndikufuna kuti kamodzi kokha pamoyo wanu mudzakhale m'nyumba yodzaza ana, wina akulira uku, wina wataya madzi uko, inu mutangokhala, tiyi ali m'manja, popanda ndi mmodzi yemwe woti ndi ntchito yanu. Mukafuna kunyamula mudzanyamule, akalira mudzandipatse ine.

Mukasankha kusayankha, sindidzakudandaulani, pakuti munanena poyera ndipo wophwanya ndine. Koma kupositi ndizipitabe Lachisanu lililonse.

Mlamu wanu akuti moni wambiri, ndipo akuti musakwiyire iye, wolakwa mukumudziwa. Wamkulu uja akupereka moni, wakhoza masamu kuposa kalasi yonse ndipo akuti anatengera azakhali ake. Wachiwiri akupereka moni, mano awiri akutsogolo achoka. Wachitatu wakana kupereka moni chifukwa wamva kuti ukhanda wake watha, ndiye ndamuperekera ine. Awiri enawo sanadziwe kulankhula, koma pamene ndimawerengera mayi awo kalatayi mokweza, nditafika pa dzina lanu, mmodzi anapuma ndipo wina anamenya kamwendo. Sindikudziwa kuti ndi uti, mudzawafunse nokha.

Ndine mlongo wanu wotsiriza, amene munamulera musanafunsidwe,

Mzime